Tengani Lamborghini yanuyo, ine mundisiyire ka Elise

Mkangano wa dzulo uja, woti pa magemu a galimoto chimapambanitsa n'chiyani pakati pa liwiro ndi luso loyendetsa, ndiumalizire pano, poti pa shopu ya magemu paja phokoso linachuluka. Anyamata ambiri amene timasewera nawo mpikisano wa magalimoto kuno ku Kamuzu Road satha kuyendetsa. Chimene amadziwa n'kufinya batani la moto basi. Ndanena, amene akwiye akwiye.

Munthu akangogwira padi, kachipangizo koseweretsera gemu kaja, maso amakhala pa galimoto yaliwiro kuposa zonse. Mu gemu ya Need for Speed Most Wanted, ija ya 2005, aliyense amalimbirana Lamborghini Murciélago, apo ayi BMW M3 GTR imene mdani wako Razor amakulanda koyambirira kwa gemu. BMW ija sindingainyoze, kulira kwake kokha kumakoma. Koma taonani mmene amaiyendetsera msuweni wanga. Chala sichichoka pa moto, batani la buleki pa padi yake likadali latsopano. Akafika pa kona amangokhulitsa galimoto kukhoma kuti khomalo limukhotetse, thupi lonse atapendekera kumanzere ngati ali pa kabaza, lilime panja. Akatuluka pamenepo ndi nitro, batani lowonjezera liwiro mwadzidzidzi lija, n'kumadzitcha dalaivala.

Ine ndinayamba ndi Fiat Punto, kenako ndinakhazikika pa Lotus Elise. Kagalimoto kopepuka, kosakwana n'komwe tani imodzi, injini ili kumbuyo kwa mipando. Pamsewu wowongoka amandisiya, zimenezo sindikana. Koma ndimaponda buleki kona isanafike, n'kulowa modekha, moto ndimaubweza matayala akayamba kuwongoka. Mnzanga uja akamalimbana ndi khoma, ine ndadutsa kale cham'kati. Kuthamanga sikufika, aise.

Amene akutsutsa akayese Gran Turismo 4 ya pa PlayStation 2. Kumeneko kuli mayeso a laisensi, ndipo ena mwa mayeso oyambirira ndi ongoimitsa galimoto pamalo amene akuuza. Kuimitsa chabe! Msuweni wanga yemwe uja analephera kangapo, mpaka anati padi ndi yowonongeka. Mukafika pa Nürburgring ya ku Germany, msewu wopitirira makilomita 20 wodzaza ndi makona, m'pamene mumadziwa kuti galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo imazungulira ngati nguli mukaiponda moto msanga. N'chifukwa chake ofuna mtendere amathawira ku Subaru Impreza kapena Nissan Skyline GT-R R34 zimene zimakoka ndi matayala onse anayi. Amenewo ndimawamvetsa, ngakhale kwa ine Skyline ndi yolemera.

Za drift, kuseleretsa galimoto cham'mbali pa kona kuja, inde imakongola, utsi uli tolotolo, ana oonerera pawindo akukuwa. Koma nthawi imatayika pamenepo. Ndipo inu a Asphalt 9 pa foni amene mumayatsa TouchDrive, galimoto n'kumadziwongolera yokha, pankhaniyi khalani kaye chete.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti anthu omwewa akakwera Sienta yopita ku Senga Bay, dalaivala akangopitiriza liwiro pang'ono, ndi amene amayamba kukuwa kuti "akulu, tili ndi ana ife!" Pa sikirini pokha m'pamene buleki amaiona ngati ya anthu amantha.

Loweruka masana ndidzakhala pa shopu pompaja. Bwerani ndi Murciélago yanu, koma msewu ndidzasankha ndine, ndipo woluza adzalipira gemu ndi chipisi. Magetsi akadzazima pakati ngati sabata yatha, tidzayambiranso, pasadzapezeke wonena kuti anali patsogolo.