Mpamba wosaoneka m'thumba

Mwana wa mchemwali wanga wabwera ku intavyu ali ndwii. MSCE yake ndi yabwino, masamu amawadziwa, koma akuti atangolowa mu ofesi muja lilime linauma. Pambuyo pake anamva kuti mabwana anati mtsikanayo ndi wakumudzi kwambiri. Ntchito yake ndi yowerengera katundu m'sitolo. Umudziwo ukulowapo pati?

Ine ndinakulira m'malaini a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndiye nkhaniyi yandikhudza pachilonda. Mayi anga ankalawira m'mamawa dengu lili kumsana, kukathyola masamba awiri ndi kansonga kake, madzulo n'kukaima pamzere wa sikelo, kapitawo akulemba makilo. Kumtunda kunali nyumba za mamanijala, kapinga wometedwa bwino, ana awo akuyankhulana Chingerezi pothamangitsana.

Akatswiri ofufuza za kakhalidwe ka anthu analembapo za kusiyana kotereku. Mmodzi wa iwo, Karl Marx, akanafika kuno sakanavutika kufotokoza: wina ali ndi munda ndi fakitale, wina ali ndi manja okha. Max Weber anawonjezerapo za ulemu, kuti ndalama pazokha sizikuika munthu pamwamba. Koma amene anandifika pamtima ndi Pierre Bourdieu wa ku France, wobadwa mu 1930 m'mudzi wa Denguin, bambo ake wogwira ntchito ku positi. Iyenso kayankhulidwe ka kwawo kanamuchititsapo manyazi atafika m'masukulu a Paris. M'buku lake la 1979, La Distinction, anaonetsa kuti zimene munthu amakonda kudya, kuvala ndi kumvera zimaulula gulu lomwe anakuliramo. Iye ankati mpamba si ndalama zokha. Anthu amene umadziwana nawo ndi mpamba. Chikhalidwe nachonso ndi mpamba: kayankhulidwe, mabuku a m'nyumba, masatifiketi, kakhalidwe ka pampando pamaso pa akuluakulu.

Choopsa cha mpamba wachikhalidwewu n'chakuti umabisala. Mwana amauyamwira pakhomo osadziwa, kenako sukulu imautcha nzeru zobadwa nazo. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi, ndipo ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, ngakhale utakhoza bwanji maphunziro enawo. Mwana wa manijala wachimva chiyankhulochi kuyambira ali kumsana. Wa m'malaini amakumana nacho pa bolodi, m'kalasi yodzaza, buku limodzi ana angapo. Wachiwiriyu akapunthwa timati ndi wofooka m'mutu, ndipo chimene chimandipweteka koposa, iyenso amavomereza.

Ife Alomwe izi tikuzidziwa bwino. Makolo athu anachokera ku Mozambique n'kudzagwira thangata m'minda ya azungu, akutchedwa dzina lachipongwe lija la Anguru. Agogo anga ankayankhula Chilomwe kuseri kwa nyumba ndi anzawo okha, ife tikayandikira n'kusintha. Ankatiteteza ku chitonzo, koma mapeto ake ine ndimangodziwa moni. Lero timavina tchopa ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo ndimanyadira. Koma m'chipinda cha intavyu tchopa sawerengedwa. Luso la mayi anga lodziwa tsamba labwino ndi zala zokha silinawakwezepo pantchito ngakhale tsiku limodzi.

Sindikunena kuti Chingerezi chichoke, ayi, ana athu akuchifuna. Ndikunena kuti zimene ana a opeza bwino amatola patebulo la kwawo, aphunzitsi aziziphunzitsa poyera kwa aliyense: kuyankha funso la mkulu mutu uli chilili, kulemba kalata yofunsira ntchito, kutsutsa mwaulemu. Mwana wathu tinamulera kuti asamayang'ane wamkulu m'maso, ndiye ulemu womwewo ukukamugwetsa ku ofesi. Nanunso olemba anthu ntchito, mukati wakumudzi, dzifunseni kuti mwayeza ntchito kapena mwayeza kumene munthu anabadwira.

Mtsikanayu waitanidwanso kwina Lachinayi, ku Luchenza. Madzulo aliwonse tikumakhala pakhonde, ine ndikufunsa ngati bwana, iye akuyankha. Dzulo wakwanitsa mayankho atatu osaweramitsa mutu.