Mankhwala a khansa alipo, koma ndani akuyeza chotupacho?

Abale anga, nkhani ya khansa ikabuka pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri, ndipo amandiwawa. Akuti mankhwala atsopano a khansa ndi a anthu olemera a kunja, ife kuno tisatayepo nthawi. Ine ndikukana. Zitalika pang'ono, koma pirirani nane.

Ndiyambe ndi chinthu chimene nonse mukuchidziwa. Mwana akatentha thupi mumathamanga naye kuchipatala, amamubaya kachala, kadontho ka magazi n'kukadonthetsera pa kapulasitiki koyera kaja. Posakhalitsa mizere iwiri yatuluka, akuti malungo. Chimene chimagwira chizindikiro cha kachilombo ka malungo m'kachipangizo kameneko ndi zimene madokotala amazitcha ma monoclonal antibody, ndipo ena mwa mankhwala atsopano a khansa aja nawonso ndi ma antibody otere. Koyezera mimba kogula ku famase nakonso kamagwira ntchito chimodzimodzi. Ndiye kuti sayansi imeneyi inafika kalekale ku Nsanje ndi ku Chitipa, ili m'chikwama cha alangizi a zaumoyo amene amapalasa njinga m'midzi mwathu. Wina azitiuza bwanji kuti si yathu?

Thupi lathu limapanga asilikali olimbana ndi matenda. Gulu lina la asilikali amenewa ndi ma antibody, ndipo aliyense amadziwa mdani mmodzi yekha, ngati galu wa mlenje amene anamuphunzitsa fungo la nyama imodzi: amadutsa zina zonse, n'kukagwira yomweyo. Vuto linali lakuti m'magazi asilikaliwa amakhala osakanikirana, mitundu miyandamiyanda, moti kupatula mtundu umodzi n'kuuchulukitsa kunali kosatheka. Mu 1975, ku Cambridge, Georges Köhler wa ku Germany ndi César Milstein wobadwira ku Argentina anapeza njira. Anatenga selo lopanga antibody m'thupi la mbewa ya mu labotale, n'kuliphatikiza ndi selo la khansa limene silifa koma limangochulukana. Selo latsopanolo linayamba kutulutsa msilikali wa mtundu umodzi mosalekeza, ndiwo ma monoclonal antibody aja. Mu 1984 analandira mphoto ya Nobel. Panapita zaka kuti ma antibody amenewa akhale mankhwala oyenerera munthu, chifukwa thupi lathu limakana za mbewa, mpaka akatswiri monga Greg Winter, wa ku Cambridge komweko, anapeza njira yowasinthira kuti afanane ndi a munthu.

Mu 1997 dziko la America linavomereza mankhwala a antibody otchedwa rituximab. Amafunafuna chizindikiro chotchedwa CD20 pa maselo ena a chitetezo cha m'thupi, ndipo anasintha moyo wa odwala khansa ya lymphoma, ija imatupitsa mwanabere m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Chaka chotsatira, 1998, kunabwera trastuzumab, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda la Herceptin, wa khansa ya m'mawere. Kemo wamba amapha selo lililonse lokula mofulumira, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo m'kamwa mumatuluka zilonda. Koma mankhwala a antibody amalunjika.

Koma mvetserani apa, chifukwa mtima wanga uli pamenepa.

Trastuzumab sathandiza mayi aliyense wodwala khansa ya m'mawere. Amathandiza yekhayo amene chotupa chake chili ndi puloteni yotchedwa HER2 yochuluka, ndipo amenewa ndi pafupifupi mayi mmodzi pa asanu kapena asanu ndi mmodzi aliwonse. Enawo mukawapatsa mwangotaya ndalama, mwaikanso mtima wawo pachiswe, poti mankhwalawa amatha kufooketsa mtima. Rituximab nayenso, chotupa chikakhala chopanda CD20, palibe chimene angachite. Ndiye mudziwa bwanji? Palibe dokotala, ngakhale wodziwa chotani, amene angadziwe HER2 pokhudza bere ndi dzanja. Pamafunika kudula kachidutswa ka chotupacho, kukasunga m'mankhwala a formalin nthawi yomweyo kasanaonongeke, kukatumiza ku labotale, kukaseta mopyapyala kwambiri, kukapaka mankhwala osintha mtundu, kenako katswiri wa pathology (wozindikira matenda poyeza tizidutswa ta thupi) n'kukaunika pa makina okulitsa zinthu. Ndipo mankhwala opakawo, amene amaonetsa ngati HER2 kapena CD20 alipo, nawonso ndi ma antibody. Sayansi imodzimodziyo ndiyo imapeza matenda, ndiyonso imachiza.

Choncho tikamalira kuti tilibe mankhwala, tiziyamba talira za labotale. Akatswiri a pathology m'dziko muno ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu oposa 20 miliyoni. Mayi wa ku mudzi akamva kabulu m'bere, amayamba wadikira kuti mwina kaphwa. Akapita kuchipatala chaching'ono amapatsidwa mankhwala a zilonda. Akabwereranso amamutumiza kuchipatala cha boma la kwawo, kumeneko amuuza kuti apite ku chachikulu, ndalama ya minibasi palibe mpaka agulitse mbuzi. Kachidutswa kakadulidwa, zotsatira zimatenga masabata, nthawi zina miyezi, mwina pepala lasochera m'njira. Khansa siyembekeza pepala. Pofika tsiku loti dzina la matenda lidziwike, chotupa chaphulika, chafika m'mafupa kapena m'mapapo. Pamenepo ngakhale mutabweretsa mankhwala odula kwambiri padziko lonse, amangotalikitsako masiku.

Ndipo kuyeza kumeneku si kwa mankhwala odula okha ayi. Kachidutswa komweko kamaonetsanso ngati chotupa chikukula ndi mahomoni a chizimayi. Ngati ndi choncho, mayiyo amathandizidwa ndi tamoxifen, mapiritsi akale, otsika mtengo, akumwera kunyumba. Popanda kuyeza, dokotala amangopereka mongoyerekeza. Zimandipweteka kuti madokotala athu, anthu ophunzira bwino, tiziwasiya agwire ntchito mumdima chonchi.

Ena mwina mukuti, zonsezi n'zabwino, koma kodi zingatheke kuno? Zinatheka kale. Mu 2011, pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe anatsegula labotale ya pathology mothandizana ndi UNC Project Malawi, nthambi ya yunivesite ya North Carolina ya ku America. Chifukwa cha labotale imeneyo, odwala lymphoma anayamba kudziwika mtundu weniweni wa matenda awo. Kenako akatswiri athu ndi anzawo a ku America anachita kafukufuku wopereka rituximab pamodzi ndi kemo kwa odwala a ku Malawi, ambiri mwa iwo ali ndi HIV ndipo ali pa ma ARV. Zotsatira zinatuluka mu 2021 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Global Health, ndipo zinaonetsa kuti mankhwalawa angaperekedwe kuno bwinobwino popanda kuika odwala pa ngozi yopitirira. Kanali kafukufuku kochepa, inde, koma kanayankha funso limene anthu ankalinena ngati latha kale, lakuti odwala a ku Africa sangapirire mankhwala otere. Taonani dongosolo lake: labotale inayamba, mankhwala anatsatira.

Pali china chimene chimandikhudza kwambiri. Khansa ya ana yotchedwa Burkitt lymphoma, ija imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana m'masabata ochepa, inadziwika kudzera mwa ana a ku Africa. Denis Burkitt anailemba mu 1958 ali ku Uganda, ndipo mu 1964 kachilombo ka Epstein-Barr kanapezeka m'maselo a chotupa chomwecho, koyamba kuti kachilombo kagwirizanitsidwe ndi khansa ya munthu. Imakonda madera a malungo ngati kwathu kuno, ndipo kwa zaka zambiri yakhala imodzi mwa khansa zofala kwambiri pa wodi ya ana ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzawo analimbana nayo ndi zochepa zimene anali nazo. Maselo a Burkitt ali ndi CD20. Ku Ulaya ndi ku America, ana oposa 9 pa 10 aliwonse amachira akalandira kemo wamphamvu ndi rituximab. Kuno, kumene matendawa ndi ochuluka, ana ochira ndi ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ana athu anaphunzitsa dziko lonse za matenda amenewa, koma mankhwala ake anakathera kwina. Chilungamo chili pati?

Za mtengo sindikubisa, ndi wokwera. Bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti trastuzumab wa kampani yoyambirira amadya pafupifupi madola 20,000 pa wodwala mmodzi. Koma chaka chomwecho linavomereza koyamba trastuzumab wopangidwa ndi kampani ina, amene amatchedwa biosimilar, ndipo linati otere amatsika mtengo ndi pafupifupi 65 peresenti. Kuyambira 2015 trastuzumab ndi rituximab ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira kwambiri, mndandanda womwewo uli ndi panado ndi mankhwala a malungo. India ndi South Korea akupanga mankhwala amenewa lero.

Amene tinaliko m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka maliro a tsiku ndi tsiku, ndi malo okhomera mabokosi ali mbwee m'mbali mwa msewu. Nthawi imeneyo ma ARV anali kale ku Ulaya, pa mtengo woposa madola 10,000 pachaka, ndipo anthu anzeru ankati Africa sangakwanitse. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati ipereka pa madola 350 pachaka. Mu 2004 Malawi anayamba kupereka ma ARV aulere. Lero amene tikanawaika m'manda akulera zidzukulu. Ndikudziwa kuti si zofanana ndendende. Ma antibody amapangidwa m'maselo amoyo, osati posakaniza mankhwala, choncho mtengo wake sungagwe ngati wa mapiritsi. Amafuna furiji yosazima, pomwe magetsi athu mukuwadziwa. Amaperekedwa kudzera m'dilipi, namwino ali pafupi. Wolandira trastuzumab amafunika kuunikidwa mtima pafupipafupi kwa chaka chathunthu, ndipo wolandira rituximab ayenera kuyamba wayezedwa matenda a chiwindi a hepatitis B. Zonsezi n'zovuta. Koma chovuta ndi chosatheka n'zosiyana, ndipo mtengo sunatsikepo chifukwa cha anthu okhala chete.

Wina andifunsa kuti, bwanji osaika ndalama zonse pa kupewa? Funso labwino, ndipo mbali yaikulu ndikugwirizana nalo. Khansa imene ikutha amayi ambiri m'Malawi ndi ya khomo la chiberekero, amayi pafupifupi 3,000 chaka chilichonse, pomwe ndi yopeweka. Katemera wa atsikana woteteza ku HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, anayamba m'dziko lonse mu 2019, ndipo kuyezetsa khomo la chiberekero ndi viniga n'kwaulere m'zipatala za boma. Mubayitse ana anu aakazi, musamvere zoti katemerayu amatseka mimba, n'zabodza. Amayi kayezetseni, abambo aperekezeni. Koma khansa ya m'mawere ilibe katemera. Lymphoma ilibe katemera. Mayi amene wadwala kale sitingamuuze kuti pepani, ife tili pa kupewa.

Tsono kwa ife eni ake, pali chimene tiyenera kusiya. Mawu akuti "chotupa akachidula chimafalikira" apha anthu ambiri. Ndikumvetsa kumene anachokera: munthu amafika mochedwa, amudula kachidutswa, posakhalitsa wamwalira, abale n'kumati mpeni ndi umene wamupha. Ayi ndithu, anapita matenda atafalikira kale. Kudula kachidutswa ndi khomo lokhalo lolowera ku chithandizo choyenera. Pempherani, inenso ndimapemphera, koma pepala la zotsatira likhale m'manja. Ndipo samalani ndi anthu a pa WhatsApp ogulitsa tiyi ndi makapisozi oti amachiza khansa iliyonse. Ngati akatswiri amafunika kudziwa dzina la puloteni pa chotupa asanasankhe mankhwala, botolo limodzi lingachize bwanji khansa zonse?

Mukaperekeza m'bale wanu, funsani mwaulemu koma mosaopa. A dokotala, kodi kachidutswa katumizidwa kuti? Zotsatira tiziyembekezera liti, ndipo tikazitenge kwa ndani? Ngati ndi bere, kodi ayeza za mahomoni ndi HER2? Ngati ndi mwanabere, ndi lymphoma ya mtundu wanji? Zonse zilembedwe m'buku lachipatala la wodwalayo, ndipo mujambule pepalalo pa foni.

Kwa aphungu athu ndi akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo, ndine wokondwa kuti chipatala cha khansa chinamangidwa ku Lilongwe, chifukwa kwa zaka zambiri odwala ofunika kuwotcha chotupa ndi makina ankadikira ulendo wa ku India, Tanzania kapena Zambia, ena n'kumwalira dzina lili pa mndandanda. Koma nyumba imaoneka pa chithunzi, pomwe botolo la mankhwala opakira pa galasi la mu labotale silioneka, choncho n'losavuta kuliiwala pa bajeti. Ndikupempha kuti muzinena poyera: ndi ndalama zingati zimene zapatulidwira ma labotale a pathology ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba? Ndi achinyamata angati amene mukuwalipirira kuti aphunzire ukatswiri umenewu ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo akamaliza muwasunga bwanji kuti asapite kunja? Kachidutswa kochoka ku Karonga kapena ku Mangochi kazitenga masiku angati kuti yankho libwerere? Ikani nambala, tiziiwerenga tonse. Ndipo khalani pansi ndi anzanu a ku Zambia, Mozambique ndi mayiko ena a SADC, mugule ma biosimilar pamodzi, chifukwa wogula zambiri ndi amene amanenerera mtengo.