Foni si mlezi, ndipo buku la mwana si lokulungira bonya

Ana anga a kuno ku Thyolo, ndiloleni ndikudzudzuleni, pakuti zimene ndikuonazi zikundiwawa mumtima.

Sabata yatha ndinakwera minibasi ku Limbe kubwerera kwathu ku Luchenza. Pambali panga panakhala mtsikana ndi khanda losakwana chaka. Titafika pa Bvumbwe khandalo linayamba kulira, mayi ake n'kulitchingira foni kumaso, kavidiyo kakuphokosera. Mpaka ndinatsika, mwanayo sanamve liwu ngakhale limodzi lochokera pakamwa pa mayi ake. Nditafika pamsika ndinagula bonya, ndipo anandikulungira m'tsamba long'ambidwa m'buku la Chichewa la Sitandade 1, chithunzi cha galu chitanona mafuta. Ndinachita manyazi ngati ndang'amba ndine.

Mumati khanda silimva kanthu, tiliwerengere chiyani? Bodza limenelo. Mwana amayamba kumva mawu a mayi ake akadali m'mimba. Kusikelo amakuuzani za masiku 1000 oyambirira, kuyambira pathupi mpaka zaka ziwiri, inu n'kumaganiza kuti akunena za phala lokha. Ubongo umene ukukula nthawi imeneyo umadyanso mawu. Mukamukhazika pamiyendo, n'kuloza chithunzi, “Uyu ndi tambala, akuti kokoliriko,” iye amagwira pepalalo, kuliluma, kulidonthezera dovu. Musamulande. Mawa abweretsa tsamba lomwelo, mawa linanso lomwelo. Bwerezani osatopa, mawu amakhazikika motero. M'mera mpoyamba si dzina la sukulu yamkombaphala chabe.

Kuchokera mu 1994 pulayimale ndi yaulere, makalasi anadzaza. Mphunzitsi mmodzi ana oposa 100, ndiye inu mumutumizire wa zaka 6 amene sanagwirepo buku, afike Sitandade 4 osatha kulemba dzina lake, muyambe kunyoza aphunzitsi pachigayo?

Ndikudziwa kutopa kwa munthu amene wathyola tiyi tsiku lonse dengu lili kumsana. Ndinalisenzapo. Koma mphamvu zoonera mpira kuvidiyo mpaka usiku mumazipeza kuti, abambo inu? Kuwerengera mwana si ntchito ya amayi okha.

Za kusowa mabuku musandiuze. Baibulo lili m'nyumba, buku la nyimbo lilipo, kalendala ili pakhoma, mkulu wake amabwera ndi buku kuchokera kusukulu. Ngati simudziwa kuwerenga, lozani zithunzi mufotokoze nokha, kaya m'Chichewa kaya m'Chilomwe. Ife tinakulira pa “Padangokhala,” ana n'kuyankha “Tili tonse,” ndipo nthanozo sizinagulidwe kugolosale.

Inu ogulitsa mandasi ndi bonya, nanunso abambo opichirira chingambwe m'mapepala a ana: ndikadzapezanso tsamba la buku la sukulu pamalonda anu, ndidzalitenga ndekha kupita nalo kwa amfumu ndi kukomiti ya sukulu.