Khoti lili ku Arusha, koma eni mudzi anatsekeredwa khomo

Loweruka ndinatsutsana ndi mayi wina wa ku Mbeya amene ndimagulako zitenje pa Taifa Market. Amanyadira kuti khoti la Africa loona za ufulu wachibadwidwe lili kwawo, ku Arusha. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, boma lanu litakuzunzani, mungakasumeko?" Anangoseka.

Sangakasume. Mu 2019 boma la Tanzania linabweza chilolezo choti nzika ndi mabungwe azilisumira okha ku khotilo, milandu yolitsutsa itachuluka. Malawi anapereka chilolezo chomwecho mu 2008 ndipo sanachibweze. Munthu wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, makhoti a kuno akamukanika, atha kukagogoda ku Arusha, pamene Mtanzania wokhala pafupi ndi mpanda wa khotilo sangatero.

Anzathu a ku Mozambique sanadzivutitse n'komwe. Atasayina mtendere ku Rome mu 1992, anakhazikitsa lamulo lokhululukira onse, a Frelimo ndi a Renamo omwe, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ife pamaso pa alendo timaoneka bwino, ngakhale kuti zimatengera amene ali pampando. Mu October 2011 a Bingu analandira Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan pa nthawiyo, ku msonkhano wa bungwe la zamalonda la COMESA, munthu amene khoti la milandu ikuluikulu la padziko lonse la ICC linkamufuna pa za ku Darfur. Chaka chotsatira mayi Joyce Banda anamukana, msonkhano wa bungwe la mayiko a mu Africa la AU, umene unayenera kuchitikira kuno, n'kusamukira ku Addis Ababa.

Koma ndisanadzitame pamaso pa mayiwo ndinakumbukira Mwanza. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku wa 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Mlandu unazengedwa, ndipo mu December 1995 a Kamuzu ndi a John Tembo anapezeka osalakwa. A Orton Chirwa anagwidwa mu 1981, n'kufera m'ndende ya Zomba mu 1992. Chimene chinagwedeza boma limenelo sichinali khoti lakunja ayi, koma kalata ya maepiskopi ya March 1992 ndi mayiko amene anaimitsa thandizo mu May chaka chomwecho.

Zonsezi sindinawauze mayi aja. Ndinalipira chitenje, n'kukwera kabaza wopita kwathu, njira yake yodutsa pafupi ndi manda a Zolozolo, kumene kunaikidwa ena mwa amene anawomberedwa pa 20 July 2011.