Musaiwale mphunzitsi wa ku Biskupin

Zikomo alembi potikumbutsa m'nkhani yanu za a Józef Kostrzewski, katswiri wofukula zinthu zakale, amene anatsogolera ntchito yofukula mudzi wakale wa Biskupin ku Poland kuyambira mu 1934. Koma mwadumpha munthu mmodzi. Amene anaona zipika zikutulukira m'mphepete mwa nyanja mu 1933 n'kudziwitsa akatswiri anali mphunzitsi wa kumudzi komweko, a Walenty Szwajcer.

Ine chimandigwira mtima ndi matope amene anakwirira mudziwo. Timati madzi amawoletsa mtengo, koma pansi pa dambo, pomwe mpweya sufika, mtengo suwola. N'chifukwa chake anapeza misewu yoyalidwa ndi mitengo, mpanda, ndi maziko a nyumba pafupifupi 100 m'mizere 13, zonse za zaka zoposa 2,700 zapitazo. Taganizani munthu atagwada m'thope lozizira, akupukuta ndi manja chipika chomwe zipsera za nkhwangwa zikuonekabe.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka mu 1939, a Kostrzewski anabisala poti a Nazi, omwe ankalamulira dziko la Germany, ankawasaka, chifukwa ankatsutsa poyera zoti deralo linali la Ajeremani kuyambira kalekale. Maganizo awo oti anthu a ku Biskupin anali makolo a Asilavo (gulu la mitundu ya anthu lomwe anthu a ku Poland alimo) akatswiri ambiri lero sawavomereza, koma kulimba mtima kwawoko ine ndimakulemekeza zedi.