Musakhulupirire mita ya pa dashibodi yokha

Ena amalangiza kuti wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku Japan aone makilomita pa dashibodi, komatu manambala amenewo amabwezedwa ndi kompyuta m'mphindi zochepa. Pemphani Export Certificate ya ku Japan. Pepalali limasonyeza makilomita amene anawerengedwa galimoto itapita koyezedwa, pamodzi ndi madeti ake, ndipo mavani onyamula katundu monga HiAce ndi Caravan amayezedwa chaka ndi chaka kumeneko. Samalani ndi zaka zake, chifukwa zimalembedwa m'kawerengedwe ka ku Japan: Heisei 30 ndi 2018, Reiwa 1 ndi 2019. Ngati pepala likuti 210,000 mu 2018 koma mita ikuti 95,000 lero, musapereke ndalama. Nambala ya chasisi ya papepala ifanane ndi imene inadindidwa pachitsulo cha galimotoyo.

Kenako tengani makaniko wanu wa ku Biwi ku Lilongwe, osati wa wogulitsa. Atukule mpando aone pa injini, chifukwa pa HiAce zambiri za dizilo amamata kapepala kosonyeza makilomita amene anasinthira lamba wa mu injini wotchedwa timing belt. Aonenso timapepala ta oyilo pachitseko cha dalaivala. Labala wa popondera buleki wotha mpaka chitsulo kuonekera, chiwongolero chosalala ndi mpando wophwa sizigwirizana ndi mita yosonyeza makilomita 80,000.

Galimoto yobwera pamsewu kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe imaonjezera makilomita pafupifupi 1,500 pofika kuno ku Lilongwe, amenewo asakudabwitseni.