Lalanje la mchombo lilibe njere, lekani kunamiza anthu

Zandipsetsa mtima kwambiri. Pa msika wina kuno ku Mchinji bambo wina wayala mbande m'machubu, akuuza amayi kuti ndi malalanje a navel (a mchombo), anafesa yekha njere zake. Njere zake ziti? Lalanje la mchombo lilibe njere! Lidulenitu pakati muone. Chomwe mupeze ndi kalalanje kena kakang'ono kosakula kumunsi kwake, ndiye mchombowo. Tsono anafesa chiyani?

Mtunduwu unangotulukira pa mtengo wina ku Bahia, ku Brazil, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1870 mitengo ina inatumizidwa ku Washington, ndipo mu 1873 mayi Eliza Tibbets anadzala yawo ku Riverside, California. N'chifukwa chake timati Washington Navel. Kuchokera nthawi imeneyo mpaka lero mtengo uliwonse wa mtunduwu ndi womezanitsa. Palibe wofesa, palibe womera wokha kudzala. Kumezanitsa basi.

Ndalama zavuta, inde, koma bodza ndi bodza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masamba obiriwira asakupusitseni, yang'anani tsinde. Mbande yeniyeni imakhala ndi chipsera kapena pokhota pang'ono pomwe anamezanitsa, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa dothi. M'munsi mwake kawirikawiri ndi ndimu, m'mwamba ndi lalanje. Popanda chipsera musatulutse ndalama. Womezanitsa umabereka pa zaka 3 kapena 4, wa njere mudikira zaka 7 kapena kuposa, minga yokhayokha, zipatso zake za njere tho. Ndipo zophukira m'munsi mwa chipsera muzithothola, apo ayi mukolola mandimu.

Enanso amatigulitsa "navel" mu Novembala. A mchombo nyengo yawo ndi yozizira, Meyi mpaka Julayi, akachedwa Ogasiti. Obwera mochedwa ndi Valencia, a juwisi. Wa navel mukafinya imwani pompo, akakhalitsa amawawa.

Ndiye kasungidwe kake! Mumagwedeza mtengo, malalanje n'kugwa n'kuvulala, muwatsuka, muwamanga mu jumbo ali onyowa, n'kuwasiya padzuwa. Chuku chimalowera pa bala ndi pa mchombo pomwepo. Dulani ndi kamsinde kakafupi, ikani ouma m'dengu pamthunzi popita mphepo, akhala bwino sabata imodzi. Mufuriji masabata 3 kapena 4. Lowola chotsani tsiku lomwelo. Ndipo lalanje silipsa likathyoledwa, mukathyola losakhwima liwawasa choncho mpaka kufota.